Sopo wa Galimoto ya a Trywell

Pa siteshoni ya maminibasi a ku Chipata, pa boma la Chadiza, bambo wina wa ku Mlolo ankaloza galimoto yaikulu yoyera imene idaima patsidya pa msewu. Ankauza mayi wogulitsa sopo.

"Mwaiona ija, mayi? Ndi ya a Trywell agolosale. Loweruka inyamula mwana wanga wamkazi kupita kutchalitchi pa ukwati wake."

"Ija? Dalaivala wake amagula sopo kwa ine m'mawa uliwonse."

"Ndiye kuti ndi waukhondo."

"Sasambira, bambo. Amakwawira pansi n'kumata paipi ya petulo pamene ikudontha. Pofika masana sopoyo wagwa."

"Galimoto yatsopano ingadonthe?"

"Magalimoto onse a mtundu umenewo akudontha. Opanga adalengeza pa wailesi kuti abwezedwe ku Lusaka akawasinthe paipiyo mwaulere, poti ena apsa kale."

"Nanga a Trywell akudikira chiyani?"

"Akuti ikasowa pakhomo mwezi wathunthu, anthu anena kuti bizinesi yagwa. Kwa iwo bola kupsera pa mpando wofewa kusiyana n'kuonedwa pa njinga."

"Koma ine ndauza kale mudzi wonse. Akuchimuna alambula msewu mpaka pakhomo."

"Ndiye gulani sopo, mkwatibwi anyamule m'malo mwa maluwa. Amalume ake osuta fodya azitsatira wapansi, patali ndithu."

Bambo uja adayang'anitsitsa dothi lonyowa pansi pa galimotoyo.

"Kodi mayi, kuno ku boma ndani ali ndi ngolo ya ng'ombe zofatsa?"