Tsiku limene basi yanga inaterereka ku Clondalkin

Okondedwa omvera, ine ndimayendetsa basi kuno ku Dublin. M'mawa wina wachisanu, nkhungu ili mbuu, basi yanga inaterereka pamsewu woundana ndi chisanu wa ku Clondalkin. Inapita mwakachetechete ngati ikuyandama pamadzi, mpaka inakagunda khoma. Palibe anavulala, koma kumaso kwa basi kunaphwanyika.

Ndili pachiwongolero, ndinayang'ana kunja. M'nkhungumo ndinaona nyumba yathu ya ku Ntcheu, imene tinali titangoikhoma malata, ikugulitsidwa. Ndinaona ana anga akulongedza zikwama. Paja kwathu ndinayendetsapo minibasi, ndipo galasi likasweka linkadya malipiro anga.

Bwana wa ku depoti atafika, ndinafunsa kuti, "Bwana, ndilipira bwanji?"

"Simulipira inu," anatero. "Mabasi onse amasonkha inshulansi m'thumba limodzi. Ngozi ya mmodzi timaisenza tonse. Nanga m'thupimu muli bwino?"

Funso limenelo ndi limene linandiliza.

Madzulo ake mkazi wanga anandipeza pawindo ndikuyang'ana mabasi akudutsa, nyali zili ngwee.

"Abambo, mukuyang'ana chiyani?"

"Anzanga," ndinayankha. "Sindinkadziwa kuti ndi ochuluka chonchi."