Malume Anakhotera Kumanzere

Ine, amene kuntchito amanditchula kuti Waphuma, ndili ndi zaka 26. Ndine mlendo m'dziko muno, ndipo mudzi wanga ndi umene walembedwa pa mapepala ndakuonetsaniwo. Ndinaphunzira za ulimi wothirira ku yunivesite, pano ndimagwira ntchito ku kampani yoika mapampu a sola m'minda. Kuno ku polisi ndabwera ndekha, palibe wandiitana.

Kunyumba kumene ife alendo timachita lendi kuli lamulo lakuti mlendo sapita ku polisi ndi miyendo yake, komanso sachitira umboni wotsutsa mnzake. Ndafunsa kuti analikhazikitsa ndani, nanga lathandizapo yani. Palibe wandiyankha. Ndiye lembani.

Lachiwiri lapitali, 7 koloko m'mawa, ine ndi malume anga, alongo awo a mayi anga, tinanyamuka ku kampani pa njinga zamoto ziwiri kukapereka mapaipi ndi mabatire ku famu ya kuseri kwa phiri. Malumewo anthu amawatchula kuti a Giya. Kwathu anyamula anthu pa njinga yamoto zaka 19, koma kuno atha masabata atatu okha. Ntchitoyi ndinawapezera ndine. Kwathu magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, kuno amayenda kumanja.

A foromani anatiuza kuti tidzere msewu wa phula, wa makilomita 60, poti kunagwa mvula Lolemba. Ine ndinati tidzere wa m'phiri, wa makilomita 22, kuti tikafike msanga n'kugwiranso ntchito yachiwiri. Malume anati, "Mphwanga, digiri yakoyi anakupatsa yopanda mabuleki?" Koma anavomera. Kudzera m'phiri anali maganizo anga, zimenezonso mulembe.

Msewuwo ndi wa dothi ndi miyala, wotakata mamita asanu okha. Pokwera, kumanzere kwathu kunali khoma la thanthwe, kumanja kuli phompho. Tinkayenda pa giya yachiwiri. Malume anagwa kamodzi m'matope pa mlatho wa matabwa, anadzuka okha n'kunena kuti amayesa kuya kwa matopewo. Kuchokera pamenepo iwo anali patsogolo, ine pambuyo ndi mamita ngati khumi ndi asanu.

Nthawi ili cha m'ma 8:10 tinafika pokhota pachinayi, pamene pali mtengo wouma. Ndinamva hutala ya galimoto kawiri. Malume nawo analiza yawo kamodzi. Kenako inatulukira lole yoyera yonyamula matabwa, ikutsika pang'onopang'ono, ili mbali yake, kufupi ndi khoma. Kumanja kwathu kunali malo okwanira njinga kudutsa. Malume anakhotera kumanzere. Ndinakuwa kuti, "Kumanja, malume!" Dalaivala anaponda mabuleki n'kukhuliza lole ku thanthwe mpaka galasi la m'mbali linathyoka. Njinga ya malume inagunda bampala, iwo n'kugwera pansi. Tayala la lole linaima masentimita 40 kuchokera pa chipewa chawo.

Mwendo wawo wakumanja unathyoka m'munsi mwa bondo. Dalaivala, bambo wa imvi wovala ovolosi yabuluu, anatsitsa matabwa awiri pa katundu wake, anawadula ndi sowo, n'kumanga mwendowo ndi malamba omangira katundu. Tinawanyamula tonse awiri n'kuwagoneka pa mpando wa kutsogolo. Anayendetsa makilomita 14 mpaka ku chipatala cha kumunsi, ine ndikutsatira pa njinga. Titafika, foni ya ku polisi anaimba ndi dalaivalayo, ine ndili pomwepo.

Masana a tsiku lomwelo anabwera a tcheyamani a gulu lathu la alendo. Iwowa pa ngozi panalibe. Anauza wapolisi amene anafika ku chipatala kuti lole inali mbali yolakwika ndipo inkathamanga. Wapolisiyo atandifunsa ine, ndinati ndinali kutali, sindinaone bwino. Limenelo linali bodza, ndipo ndikulibweza lero. Dalaivala anatengedwa 4 koloko, ndipo ndamva kuti akadali m'chitokosi muno, lole yake ili panjapo.

Lachitatu 5 koloko madzulo a tcheyamani anatisonkhanitsa pa khonde la nyumba ya lendi ija. Anati, "Iwe wa sukuluwe, ukatsegula pakamwa malume ako awalanda laisensi. Wadzera kuti iwe, magazi kapena mabuku?" Ndinawafunsa kuti bambo amene anamanga mwendo wa malume akhala m'chitokosi mpaka liti. Anati si m'bale wathu. Ndinati ngakhale malume sanali m'bale wake pomwe ankadula matabwa. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Sindinakhale.

Lachinayi 10 koloko m'mawa ndinapita ku wodi ya abambo, bedi lachisanu ndi chimodzi. Ndinauza malume kuti dalaivala anatsekeredwa, poti iwo sankadziwa. Anayang'ana dzanja lawo lamanzere. Kenako anati, "Mutu unabwera kuno, koma dzanjali likadali kwathu." Ndinawauza zimene a tcheyamani ananena za laisensi. Anati, "Laisensi ndikalemba ina. Pita ukanene. Koma ukawauzenso kuti hutala ndinaliza, asandiyese wophunzira." Anatinso ali okonzeka kupereka umboni wawo ngati wapolisi angawapeze pa bedipo, poti kuthawa sangathawe.

Lero Lachisanu ndinapempha a foromani tepi yoyezera, ndipo 6 koloko m'mawa ndinabwerera pokhota paja. Mvula siinagwenso, mikwingwirima ya matayala ikuonekabe. Ya lole ili masentimita 30 kuchokera ku khoma, kutalika kwake mamita atatu. Ya njinga ikuchoka kumanja n'kudula msewu kupita kumanzere. Pa thanthwe pali penti yoyera. Ndajambula zithunzi zisanu ndi zinayi pa foni, ndalembanso mapu a malowo pa pepala la kampani. Zonsezi ndazipereka kwa bwana amene akulemba umboniwu. Ndapempha kuti ndikhale pa benchi ya panjayo mpaka dalaivala atatuluka, poti afunika womuthandiza kumanganso katundu wa pa lole yake.

Zimene ndinaona ndi maso anga ndi zimenezi, ndipo andiwerengera, ndavomereza.

Wosayina: ______________________