Nyenyeswa za Matayala

Mpikisano wa galimoto wa ku Monza, m'dziko la Italy, utatha, Rosalba anaima pamzere wodikira sitima kumbuyo kwa bambo wina wokalamba wa chipewa chofiira chosuluka, amene anafumbata kampango komanga mfundo.

"Agogo, manja anuwo ada bwanji! Mumakonza mainjini aja ndinu eti?"

"Iyayi mwanawe, ndi nyenyeswa za matayala. Atangotsegula zipata kuti anthu tilowe mumsewu wampikisano, ine ndinayamba kutola."

"Anzanu akuthamangira kukaona chikho, inu muli chogwada pansi?"

"Chikho ndikachionera pakanema. Izi ndimatolera mng'ono wanga Fulvio, kwathu ku Foggia. Tinkabwera awiri chaka chilichonse, kugona mutenti, mpaka shuga atam'tseka maso. Ndiye ndikafika amamasula kampangoka n'kununkhiza. Ungomva, 'Ottavio, dzuwa linaswa mtengo kumeneko, matayala anapsa msanga.' Sanaphonyepo."

"Ndiye mawa akakondwa kwabasi."

Mkuluyo anayang'ana kampango kaja.

"Tinamuika m'manda mu Juni."

"Mayo ine! Pepani agogo, kamwa langali. Ndiye mukaziika pamanda?"

"Kaya. Zotola sindinaziganize n'komwe. Ndinabwera kudzangotsanzikana ndi malo ano basi, ulendo wotsiriza. Koma zipata zija zitatseguka, mawondowa anagwada okha."

"Osakumbukira kuti iwowo kulibe?"

"Ndakumbukira pompano, utanena kuti akakondwa. Njira yonseyi kuchokera kubwalo kuja ndimangodzifunsa kuti kodi chaka chino akanena chiyani."