Chithunzi cha anaMwale pa Sitolo ya Mbewu

Abusa, akulu a mpingo anzanga, amayi a chigwirizano, ndi inu nonse abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitire umboni.

Mumandidziwa. Mlembi wa mpingo akalakwitsa tsiku powerenga zolengeza, amene amakweza dzanja ndine. Koma pali nkhani imodzi imene yayenda m'mudzi muno zaka ziwiri, yabodza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo sindinaikonze. Lero ndiikonza.

Nkhaniyo ndi iyi, ndipo musazolike, pakuti ambiri mwainenapo. Akuti mwana wanga Alinafe anajambula amayi ake, malemu anaMwale, n'kukapereka chithunzicho kwa mabwana ake ku Blantyre kuti akhwimire udindo, ndipo akuti n'chifukwa chake amayiwo anawonda mpaka kumwalira. Sizinali choncho.

Alinafe atamaliza maphunziro ankagwira ntchito pa Kasungu boma, kulemba mawu otsatsa malonda a pa wailesi. Chaka china analandira makalata awiri omuitana ku ntchito. Ina inachokera ku Lilongwe, ku kaofesi kakang'ono. Ina inachokera ku Blantyre, ku kampani yaikulu yokonza zikwangwani ndi makalendala a ogulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo kumeneko ankamufuna kuti akatsogolere anzake. Anatiuza kuti adzabwera Loweruka kudzamva maganizo athu.

Lachitatu la sabata yomweyo ndinaperekeza anaMwale kuchipatala, chifukwa m'mimba munkawapweteka. Dokotala ataona tayi yanga anandilankhula m'Chingerezi. Anati muli chotupa choopsa, ndipo ayenera kumapita ku chipatala chachikulu ku Lilongwe mwezi ndi mwezi. Analemba kalata n'kundipatsa. Tili pakhonde anaMwale anandifunsa kuti, “Akuti chiyani adokotala, abambo a Alinafe?” Ine ndinayankha kuti, “Akuti ndi zilonda za m'mimba. Muchepetse tsabola.”

Abale, Chingerezicho ndinachimva bwino lomwe. Palibe liwu limene linandiphonya.

Mungafunse chifukwa chake. Ine nditakhoza Folomu Folo anandiitana ku Blantyre kukakhala kalaliki, koma bambo anga anakana. Ndinakalamba pa esiteti, ndikuyeza mabelo a fodya ndi kulemba mayina a matenanti. Ndinkafuna kuti wa magazi anga akafike kumene ine sindinafike. Ndinadziwanso kuti Alinafe akangomva za chotupacho, kalata ya ku Blantyre aing'amba.

Loweruka anabwera. Amayi ake anati, “Mwanawe, pita ku Lilongwe. Ukakwera minibasi m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu uli kuno. Ndikakumba mbatata ndizikutumizira.” Alinafe anatembenukira kwa ine. “Nanga inu bambo?” Ndinalankhula nthawi yaitali, mwadongosolo. Ndinati malikulu a makampani ali ku Blantyre, ndipo wotsatsa malonda ayenera kukhala pamene pali eni malonda. Zonsezo zinali zoona. Kenaka anafunsa kuti, “Kuchipatala kuja anati bwanji?” Ndinati, “Zilonda chabe.” Kalata ya dokotala inali m'chikwama chimene ndimasungamo satifiketi yanga.

Choncho ndikonze poyamba: Blantyre sanasankhe ndi Alinafe. Ndinasankha ndine.

Ku Lilongwe ndinapita nawo anaMwale kawiri, ndikuwauza kuti kumeneko kuli mankhwala amphamvu. Tinalibe m'bale wotisunga, ndipo tinkagona pa simenti pamodzi ndi odikirira odwala. Ulendo wachitatu anakana. Anati, “Zilonda zokhazi tizivutikira chonchi? Ndizimwa phala kunyumba konkuno.” Ndikanawauza pamenepo. Sindinawauze. Akanakhala kuti mwana wawo ali ndi nyumba mumzindamo, sakanakana.

Za chithunzi tsopano. Nthawi yokolola Alinafe anabwera ndi wojambula, chifukwa kampani ina ya mbewu inkafuna mlimi weniweni pa chikwangwani chake. AnaMwale anadzipereka okha. Anasankha okha chitenje, anathyola okha zisononkho ziwiri zazikulu. Alinafe anati, “Amayi, mwawondatu.” Iwo anaseka nati, “Ndi tsabola amene andiletsa abambo akowa.” Choncho ndikonze kachiwiri: kuwonda kunayamba chithunzi chisanajambulidwe. Ndili ndi kalata yokhala ndi tsiku lake.

Chikwangwanicho anachikhoma pa sitolo ya mbewu pa Chamama nthawi ya makuponi. AnaMwale anamwalira mvula ili pakati. Alinafe ndinamuimbira mochedwa, ndipo Blantyre ndi kutali. Anafika bokosi likutsitsidwa. Kusiwa palibe mayi amene anasendera kuti mwanayo akhale. Iye anamva zimene zinkanong'onedwa, ine ndinazimvanso. Anabwerera m'mawa mwake, ndipo sanapondenso kuno.

Pamaliropo sindinalire, ndipo ena munati a Phiri ndi olimba m'chikhulupiriro. Pamenepanso ndikonze. Sikunali kulimba. Sindinkamva kanthu. Ndinkafesa nazale, kuwokera fodya, kusoka, kupachika m'chigafa. Ndinkadya chimene andiikira. Ndinkaimba nanu muno. M'kati munali zii, ngati nyumba imene anthu asamukamo.

Chaka chino, mwezi watha, ndinali pamzere pa sitolo ija ndi kuponi yanga ya feteleza. Chikwangwani chija chinali chikadali pakhoma, chitafwifwa ndi dzuwa. Patsogolo panga panali mayi wina wachilendo, mwa matenanti obwera kumene, wosandidziwa. Analoza chithunzicho nati, “Agogo, mayi akusekererawa mukuwaona? Akuti anaphedwa ndi mwana wawo yemwe, kufuna chuma cha m'tauni. Anali a kwa Simlemba.”

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, “Ayi mayi, sanali a kwa Simlemba. Anali a kwa Kaomba.”

Basi. Ndinakonza mudzi, zinazo n'kuzisiya.

Mayiyo anathokoza kuti ndamuwongolera. Ndinalandira matumba anga, ndinawamanga pa njinga, ndinaikankha mpaka kunyumba. Mawu angawo ankangobwerera m'makutu. Sindinaone masomphenya, abale, sindikufuna kuwonjezera. Koma ndikhulupirira kuti Mulungu anandimvetsa mawu anga omwe, monga momwe ine ndimamvera zolakwa za ena. Nditafika ndinatsegula chikwama chija.

Sabata yotsatira ndinakwera basi ya ku Blantyre, koyamba m'moyo wanga. Mzinda umene ndinaulakalaka zaka zonsezi sindinganene kuti ndinauona. Ndinafika ku ofesi ya Alinafe, ndinamupatsa kalata ya dokotala. Anaiwerenga kawiri, kenaka anayang'ana tsiku.

“Bambo, Loweruka lija munkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

“Amayi ankadziwa?”

“Sanadziwe mpaka kumwalira.”

Alinafe anandibwezera kalatayo. Kenaka anati, “Zaka ziwiri ndakhala ndikudzifunsa ngati ntchito yangayi inawaphadi amayi. Ndinasiya kujambulitsa anthu, ndimangoika zithunzi za matumba.” Ndinapempha kuti andikhululukire. Anati, “Za kukhululuka sindikudziwa, bambo. Koma bodzalo silili ku Blantyre kuno. Lili kumudzi. Mukakalikonza pamaso pa amene analimva, ndidzabwera kudzaona manda a amayi.”

N'chifukwa chake ndaima pano. Abusa, kalata ija ndi iyi. Muisunge, ndipo aliyense wofuna kuona tsiku adzaone. Ngati akulu a mpingo aona kuti ndiyenera kutula udindo wanga, sinditsutsa.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandilole kulowa m'manda ndi kalata imeneyi m'chikwama. Ndikuthokoza kuti anatuma mlendo wosandidziwa, pakuti inu ondidziwa munkandiopa. Ndikuthokozanso kuti mwana wanga sanadikire kumva kuti ndalankhula. Wabwera kudzamva yekha. Ali kumbuyoko, pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko.

Umboni umathera pa chimwemwe, ndipo sindikunamizani kachiwiri: ine sindinayambe kuchimva. Choncho kondwerani ndinu m'malo mwanga, mwina ndidzakutsatirani. Imbani, lululutani. Ndipo inu amayi a chigwirizano, pa benchi yachiwiri pamene ankakhala anaMwale ndikuona kuti malo alipo. Senderani pang'ono. Mwanayo sanaphe munthu.

Alinafe, bwera kutsogolo kuno, ngati ukufuna.

Ameni.