Mng'alu wa Nyumba ya ku Kapata

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine Gidiyoni Banda. Ndisanayambe nditchule mboni zanga, poti ena muno amati ndimathira nsinjiro pa nkhani. Yoyamba ndi mkazi wanga Naphiri, uyo wa duku lobiriwirayo. Yachiwiri ndi a Sakala, amene amandinyamula pa kabaza. Yachitatu ndi mbuzi ya ku Kapata, koma inadyedwa pa Khirisimasi, muikhululukire.

Ntchito yanga inali yoyendera nyumba ndi kulemba mtengo wake, kuti wogula asapusitsidwe. Tinkadya bwino, abale. Galu wathu ankachita kusankha fupa.

Tsiku lina a Jere, mwini golosale, anandiitana ku nyumba yawo ya ku Kapata, muno mu Chipata, imene ankagulitsa. Kutsogolo penti waliwali. Kuseri, mayo ine! Khoma la kuchipinda linali ndi mng'alu wotsekedwa ndi mapepala a simenti, pamwamba laimu. Nditasolola mapepalawo, mbuzi inalowera pomwepo, osakhudza mbali. Ndikulumbira.

"A Jere, mtengo waukulu chonchi anakulemberani ndani?"

"A Mwale, akulu anu pa ntchito. Kuno sanafike. Ndinawatumizira pa foni chithunzi cha nyumba ya aneba, ndi kangachepe. Inu ingosainani pansi pawo. Zimenezi zithere pompano, si paja mumasunga chinsinsi?"

Ankanena zoona. Lamulo lathu limati za amene wakulemba ntchito usatulutse. Lamulo lomwelo limati mnzako akachita chinyengo, kamnene ku bungwe loyang'anira ntchito yathu. Wogula anali a Lungu, mphunzitsi wopuma wa ku Chiparamba. Ankaika penshoni yawo yonse, ndipo chipinda chimenecho chinali choti muzidzagona adzukulu awo amasiye.

Ndinakana kusaina. Ndinapempha a Jere andilole kunena. Iwo anati, "Achimwene, Chipata ndi yaing'ono."

Naphiri anandifunsa funso limodzi basi: "Bambo a Chisomo, mungagoneke Chisomo m'chipinda chimenecho?"

Ndinakanena ku bungwe. Bungwe linaimitsa malonda, a Lungu anabwerera kwawo.

Abale, Chipata ndi yaing'onodi! Mbiri inafika kunyumba ine ndisanatsike m'galimoto. Akuti Banda ndi wapakamwa. Akuti ukamuonetsa nyumba amawerenga ndi zigamba za m'bulangete. A Jere anakandisumira kuti ndaulula chinsinsi, ndipo bungwe linatiimitsa tonse awiri, ine ndi a Mwale, ngati anthu oba limodzi.

Foni inangoti zii. Tinagulitsa galimoto. Tinagulitsa mipando. Galu anasamukira kwa aneba, tikakumana pa msewu ankayang'ana kumbali. Makoswe anabwera kudzatsanzika mwaulemu. Musaseke, Naphiri analipo. Chisomo anasiya sukulu. Apo sindiikapo nthabwala. Mwana wanga ankayima pa mpanda kuyang'ana anzake a yunifolomu akudutsa, ine n'kubisala m'nyumba. Ndinafunsa Mulungu: kodi ndikanangosaina?

Anandiyankha ndi mvula. Mvula ya dzinja lomwelo inagwa ngati yatumidwa, ndipo khoma lija linagwera mkati. Ndinapita kukaona. Njerwa zinaunjikana mpaka m'chiuno, pamalo penipeni poyala mphasa. Munalibe munthu, abale. Munalibe munthu!

Bungwe linandibwezera chilolezo. A Mwale nkhani yawo akuti ikadafufuzidwa. Anthu a nyumba zikuluzikulu sandiitanabe, a Jere sandipatsa moni. Lero ndimayendera tinyumba ndi mashedi a alimi, ndipo Chisomo anabwerera ku sukulu, kalasi imodzi m'mbuyo mwa anzake. Ndikuthokoza Mulungu pa zimenezo.

Mwezi watha ntchito inandifikitsa ku Chiparamba. Ndinadutsa pa khomo la a Lungu. Nyumba yawo ndi yaudzu, mtengo wake sindingaulembe n'komwe. Adzukulu anali panja, akulimbirana chitsononkho, phokoso lokhalokha, agogo awo akuwakalipira.

Sindinalowe. Ndinangoyima pa msewu n'kumamvetsera phokosolo.

Ambuye alemekezeke. Ameni.