Osakhala pa Mzinga

Ine ndagulitsa madzi a kokonati m'linga la Adatchi la mumzinda mwathu muno zaka khumi ndi zinayi, ndipo anthu ouma mutu ndawaona, koma wofika pa Bu Karsinah ayi ndithu. Anatulukira Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, jumbo m'manja, n'kudutsa alendo onse ojambula makoma osacheuka, mpaka anakaima pa mzinga waukulu uja umene amayi osowa mphatso akhala akuukhalira kuyambira kalekale. Pamenepo ndiye anakumana ndi Pak Daliman, mlonda wathu, munthu woti ukamufunsa ngati ali ndi wotchi amangoti "eya" n'kumapita. M'Chijava chathu kuno mayi timati Bu, mtsikana Mbak, bambo Pak kapena Mas.

"Mas, mzinga wopatsa ana uja ndi uwu?"

"Ndi womwewu, Bu," anatero Daliman akuwongola kapusi. "Unasulidwa ndi Apwitikizi, Adatchi n'kuwalanda. Kulemera kwake ndi matani atatu ndi theka, kutalika kwake..."

"Sindinabwere kudzaugula."

Mayiwo anavula masilipasi, n'kuwaika bwinobwino pambali, n'kukwinya nsalu kuti akwere. Daliman anaimba wezulo ali pafupi ngati apa ndi apo.

"Khutu langa, bambo inu."

"Chikwangwani icho, Bu."

"Magalasi ndasiya kunyumba."

"Ndikuwerengerani. Osakwera. Osakhala. Osakhudza."

"Chinabwera liti chimenecho? Mayi anga anakhala pompa, anabereka ana asanu ndi anayi."

"Chakwanitsa zaka zitatu. Ndiye kuti mayi anu alibe mlandu."

"Ine ndalipira pakhomo paja. Chibadwire mumzinda uno sindinalowemo muno, ndidzaone chiyani, makoma a anthu amene ankakwapula agogo athu? Lero ndalipira, ndiye mundiuze kuti ndizingouyang'ana?"

"Tikitiyo ndi yoyang'anira, Bu. Kuseri kwake analemba."

Daliman anawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi, kenaka anatsitsa mawu.

"Pepani, Bu, zaka zanu ndi zingati?"

"Sikisite-thuu. Zikukukhudzani pati?"

"Bambo kunyumba akudziwa kuti mwabwera?"

"Bambo ali kumanda, chino n'chaka chachisanu."

Daliman anavula kapusi n'kukanda m'mutu. "Ndiye zidzavuta kufotokoza."

"Kufotokoza chiyani?"

"Mwanayo."

"Astaghfirullah. Si za ine, bambo inu. Mukundiona ngati ndingayambirenso matewera? Ndabwerera mwana wanga Rukmini. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pabanja, kumsana kulibe kanthu. Asewere anga, mayi a mwamuna wakeyo, anena pamaso panga kuti ikafika Idi zinthu zili chomwechi, mwana wawo amupezera mkazi wina. Idi yatsala miyezi iwiri."

"Ndiye abwere yekha."

"Akabwera mumulola kukhala?"

"Ayi. Koma ndidzakhala ndikuletsa mwini wake."

Ine apa ndinasiya kusenda kokonati. Makasitomala awiri anali ataima, ndinawauza adikire.

"Sangabwere," anatero Bu Karsinah. "Anaphunzira, amagulitsa mankhwala m'sitolo ya magalasi okhaokha, akuti izi n'zaumbuli. Ndiye ndikhala ine m'malo mwake."

"Mzinga udziwa bwanji kuti n'za wina?"

"Ndiwuuza."

"M'chinenero chanji? Uwu ndi wa Apwitikizi."

"Zaka mazana onsewa uli muno, Chijava sunachimve?"

"Ine ndaima pambali pake zaka zisanu ndi zinayi, Bu. Sunandiyankhepo."

Mayiwo anapumira m'mwamba. Kenaka nkhope inasintha, inakhala ya munthu amene wazindikira pamene pagona nkhani. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupisa dzanja m'jumbo muja.

"Mas, mwagwira ntchito kuyambira m'mawa. Dzuwa lake ili. Kapena ka fodya?"

"Sindisuta."

"Nanga kampunga aka? Ndakulunga m'tsamba la nthochi, muli tempe wa soya wokazinga ndi tsabola wosinja ndekha. Idyani, tizimvana ngati anthu."

"Zikomo kwambiri, Bu."

Munthu uja anakhala pakampando kake, n'kudya mpunga wonse osasiya ndi njere yomwe, mayiwo ataima akumwetulira. Atamaliza anapinda tsamba, n'kukalitaya m'bini, n'kusamba m'manja. Bu Karsinah anakweza mwendo. Wezulo inalira.

"Mwadya mpunga wanga."

"Munati ndidye."

"Ndinati tizimvana."

"Ndikukumvani bwinobwino, Bu. Tsabolayo mumatha."

Ndinaona milomo ya mayiwo ikugwedera, ndipo ndikhulupirira kuti sanali mapemphero. Anapisanso m'jumbo n'kutulutsa nsalu ya batiki yofiirira, yopindidwa mwaulemu.

"Iyi ndi ya Rukmini, ndaitenga pachingwe osamuuza. Ine sindikhala. Ikhale nsaluyi."

Daliman anapita pachikwangwani, n'kuchiwerenga ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Za nsalu sanalembe."

"Alhamdulillah."

"Koma poyala mukhudza."

"Ndiye ndiyale bwanji?"

"Muponye."

Anaponya. Mzinga uja ndi wobulungira, ndipo pamsana pake m'posalala chifukwa cha amayi onse amene anaukhalira. Nsalu inatsetsereka n'kugwera mbali inayo. Anazungulira, anatola, anaponyanso, inagwera mbali ino. Kachitatu inakola pamutu pa Daliman. Apa n'kuti gulu la azungu litafika ndi wowatsogolera wonyamula kambendera, ndipo poganiza kuti ndi gule wamakolo anayamba kujambula. Gogo wina wa kabudula anawomba m'manja.

"Akuseka chiyani awa? Si agogo awo anabweretsa chinthuchi?"

"Akuti mubwereze, Bu, wina sanajambule bwino."

"Auzeni akajambule amayi awo."

Daliman anatembenuka kuti akawauze. Ndinachita kumugwira mkono ine.

Azungu atapita kukaona ndende ya pansi, Bu Karsinah anatsala ataima, nsalu ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Ukali unali utawathera.

"Mas, muli ndi ana?"

"Asanu."

"Ndiye simungadziwe. Mwana wanga akamva khanda la oyandikana nawo likulira, amalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti tisamumve. Kwa madokotala wapita, zitsamba wamwa zowawa zokhazokha. Mwamuna wake amamukonda, koma pamaso pa mayi ake ndi nkhuku yonyowa. Ine ndikuopa, Mas. Ndikuopa kuti adzabwera kunyumba ndi sutikesi, ndipo ndilibe china chimene ndingamuchitire. Ndangotsala ndi chitsulo ichi."

Kunena zoona ine zinandikhudza, ndipo ndinaona kuti Daliman nayenso zamulowa.

"Chisoni ndikumva, Bu. Koma inu mukuganiza kuti ndikukanizani chifukwa sindikhulupirira."

"Nanga?"

"Mzinga uwu suphonya. Mayi wina ankasesa muno, tsiku lina anangotsamira kuti achotse kamwala m'silipasi. Mphindi imodzi. Mapasa."

"Ndiye bwanji mukundichedwetsa?"

"Chifukwa umapatsa amene wakhalapo. Sudziwa za kutumiza. Si positi ofesi."

"Ndinu munthu wovuta kuposa asewere anga."

"Sindinakumane nawo, sindingayerekeze."

Bu Karsinah anayang'ana atsikana awiri amene ankadzijambula pafupi ndi chipata. Kenaka maso anawala. Anatulutsa foni m'thumba la bulauzi.

"Chikwangwani chanucho chikuti chiyani za foni?"

Daliman anapitanso kukawerenga. "Palibe."

"Ndimuimbira Rukmini foni ya kanema. Nkhope yake ikatuluka, foni ndiika pamzinga. Wakhala ndi iyeyo, ine ayi."

"Nkhope yokha?"

"Mzinga wa matani atatu ulephera kupeza kotsalako?"

Daliman anaganiza mpaka chipumi chinachita makwinya. "Foni igwireni m'mwamba pang'ono. Isagunde."

"Chala chimodzi?"

"Ziwiri."

Anayeza ndi zala zake ziwiri, mayiwo anagwira foni pamwamba pake, n'kuimba. Inaitana kanayi. Mawu anali okweza, moti ndinamva zonse ndili pangolo yanga.

"Mayi, ndili pantchito. Kwagwanji?" anatero Rukmini. "Bwanji ndikungoona thambo? Muli kuti?"

"Usalankhule, mwanangu. Ungokhala phee mphindi zisanu."

"Bambo a kapusiwo ndi ndani?"

"Ndine mlonda, Mbak," anatero Daliman akuweramira pafoni. "Muli pamwamba pa mzinga wa m'linga, koma simunaukhudze, musade nkhawa."

Kenaka mawu a Rukmini anatuluka otsika, a munthu amene wabisala kuseri kwa shelefu.

"Mayi, mwapita kumzinga? Masana ano, anthu akuona? Ndi nsalu yanga ija ndakhala ndikuifuna?"

"Ndikuchitira iwe. Idi yayandikira."

"Pitani kunyumba, mukundichititsa manyazi. Ndili ndi pakati, mayi. Miyezi itatu."

"Wati chiyani?"

"Miyezi itatu. Timadikira ikwane inayi kuti tichite mapemphero, ndiye tikuuzeni, chifukwa mukadziwa inu ndiye kuti msika wonse wadziwa. Ndadula, kwabwera kasitomala."

Foni inazima. Bu Karsinah anaiyang'ana, anayang'ana Daliman, anayang'ana ine. Anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi, n'kukhala pa chinthu chimene chinali pafupi. Anakwirira nkhope m'nsalu ya mwana wawo n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka.

Daliman anaika wezulo pakamwa. Ndinamuona akukoka mpweya. Kenaka anaitulutsa, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyang'anitsitsa khoma ngati akuliona koyamba. Zaka zonsezi ndinali ndisanamuonepo akuchita zimenezo, ndipo ndinamukonda tsiku limenelo.

Patapita nthawi anatsokomola.

"Bu."

"Ndisiyeni ndilire. Mdzukulu, Mas. Asewere aja ndikawayang'ana m'maso."

"Lirani ndithu. Koma mwakhala."

"Ndakhala, inde. Miyendo ilibe mphamvu."

"Mwakhala pamzinga."

Kulira kunaima. Mayiwo anasuzumira pansi pang'onopang'ono, n'kuona chitsulo chakuda mbali zonse ziwiri.

"Palibe kanthu," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. "Ndakhalira Rukmini."

"Rukmini ali naye kale wake. Ndiye ndimadzifunsa kuti uyu alowera kuti."

Sindinaonepo munthu wa zaka sikisite-thuu akudumpha chonchija. Anakatera patali, akukutumula nsalu kumbuyo ngati yagwira moto.

"Ndakhala nthawi yaitali bwanji?"

Daliman anayang'ana wotchi. "Mphindi zinayi."

"Wosesa uja inali imodzi?"

"Imodzi."

Bu Karsinah anawerenga pazala, milomo ikuyenda, ndipo atafika pamapeto anagwira pamtima. Anavala masilipasi mosemphanitsa, n'kumuyandikira Daliman mpaka chala chinagunda batani la yunifolomu.

"Ofesi ya bwana wanu ili kuti?"

"Pachipata, kumanja. Mukatani, Bu?"

"Ndikakunenezeni. Mlonda wanji woonerera anthu akukhala pa katundu wa boma, chikwangwani chili poteropo?"