Chala chimene Bambo Namakhwa anadikira

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1967 kumalayini a esiteti ya tiyi konkuno ku Thyolo. Dzina lawo ndi Bambo Raphael Namakhwa, achitatu kubadwa m'banja la Bambo Fackson ndi Mayi Beatrice Namakhwa. Pulayimale anaphunzira ku Makwasa, ndipo mu 1983 anapita kusekondale, kumene anadziwira mpira wa basiketibolo. Msinkhu unawakana, poti tonse tikudziwa kuti anali aafupi, choncho anasiya kusewera n'kutenga wezulo, nakhala oyimbira masewero.

Mu 1989 analembedwa ntchito ya ukapitawo wa othyola tiyi, imene anagwira mpaka 2022. Pa 6 Ogasiti 1994 anamanga banja ndi Mayi Vailet, mphunzitsi wa ku Bvumbwe. Kuyambira chaka chimenecho, Loweruka lililonse la masewero bambo ankakhala m'bwalo ndi wezulo, mayi ali patebulo la olemba zigoli ndi cholembera komanso belu.

Awiriwa ankalankhulana ndi manja okha. Wosewera akalakwa, bambo ankatembenukira kutebulo n'kuonetsa nambala yake ndi zala, mayi n'kulemba. Mpira usanayambe, bambo ankatukula chala chachikulu kufunsa ngati tebulo lakonzeka, ndipo sankaponya mpira mayi asanatukule chawo, ngakhale anthu akuwe motani. Lamulo lina linali lakuti belu la patebulo sililira mpira ukuyenda. Mu 1996 mayi analiliza msanga kamodzi kokha, bambo n'kuwadzudzula pagulu ngati mlendo. Abale timati banja latha, koma madzulo tinawaona akubwerera panjinga imodzi.

Pa 14 Juni 2025 malemu ankayimbira okha masewero a achinyamata pabwalo la esiteti. Wovala nambala 7 atalakwa, bambo anatembenukira kutebulo n'kutukula dzanja lamanja, zala zisanu. Lamanzere, loonetsa ziwiri zotsalazo, silinadzuke. Mayi anayang'ana papepala, n'kuona kuti wa nambala 5 ali pabenchi. Zaka makumi atatu bambo anali asanaphonyepo nambala. Mayi anadziwa pomwepo kuti zinthu sizili bwino, koma pomwe ankagwira belu mpira unali utayambanso.

Anadikira kuti mpira utuluke, monga momwe amuna awo anawaphunzitsira. Kwa mphindi ziwiri mpira sunatuluke. Ana ankangopatsirana, anthu akuchemerera, mayi atagwira belu m'manja, akuona amuna awo akukoka mwendo pakati pa bwalo. Belu linalira bambo atagwa kale.

Kuchipatala cha paboma anatiuza kuti ndi sitiroko, ndiponso kuti mphindi ziwirizo sizikanasintha kanthu. Mawu amenewa tawabwereza kwa mayi tsiku ndi tsiku, koma sakulowa.

Malemu anagona m'chipatala milungu itatu osalankhula, dzanja lamanja lokha likugwira ntchito. Pa 5 Julayi masana anayang'ana mayi n'kutukula chala chachikulu. Mayi anamvetsa funsolo. Anabisa manja awo m'chitenje, chifukwa sanali okonzeka. Bambo anadikira nthawi yaitali chala chili m'mwamba, mpaka dzanja linatsika lokha. Anatisiya tsiku lomwelo nthawi ya 4 koloko, ali ndi zaka 58, yankho asanalandire.

Malemu asiya mkazi, Mayi Vailet, ana atatu, Tamando, Suwi ndi Isake, zidzukulu zinayi, ndi mchemwali wawo Mayi Angella. Akubanja tikuthokoza ampingo, adzukulu okumba manda, anamwino amene anawasamalira, oyang'anira esiteti chifukwa cha galimoto, ndiponso osewera amene apempha kunyamula bokosi.

Pempho lathu ndi limodzi. Tikafika kumanda, onyamula musafulumire kutsitsa bokosi. Muyang'ane kaye kumene kwakhala mayi, ndipo mudikire mpaka atukule chala. Zikatenga nthawi, tonse tipirire, dzuwa lilipo. Bambo Namakhwa sanayambepo chinthu tebulo lisanavomere.

Mzimu wawo uwuse mu mtendere.